Lilime, machesi ndi velemoti: mbiri ya kachasu kwa Tsabango

Pa chigayo chilichonse cha ku Area 23, ku Kawale kapena kwa Chinsapo, chimanga chikakonoledwa pamatsala gaga. Wina amagula gagayo kukapatsa nkhuku, wina nkhumba, ndipo chaka cha njala gaga yemweyo amalowa mumphika wa nsima. Koma pali matumba ena amene amakwezedwa pa kabaza n'kukatsitsidwa kuseri kwa mpanda, kumene kuli migolo yovindikira ndi masaka. Pakatha sabata kapena kuposerapo, gaga uja amatulukira kunsonga kwa paipi ali madzi oyera, oti ukayandikiza machesi amayaka. Ntchito imeneyi ndi yakale kuposa likulu lathuli, ndipo pa zaka zonsezi kachasu sadakhalepo ndi woweruza wina kupatula lilime la womwa ndi dzina la wotcheza.

Makolo a kuno kuchigawo chapakati ankadziwa kufulula. Kutcheza kudabwera pambuyo. Mowa wawo udali wamasese, wa chimera cha chimanga, mapira kapena mawere, ndipo sunkafululidwa popanda chifukwa. Padali dima yolimitsa munda, chinamwali, bona wa malemu, nsembe yopempha mvula. Unkamwedwa pagulu, chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja, mwini mowa atayamba walawa yekha pamaso pa anthu kuti aliyense aone kuti mulibe choipa. Mowa wotere suchedwa kusasa. Ukapsa lero, mkucha wayamba kale kuwawasa, choncho sungausunge kapena kupita nawo kutali. Kachasu adasintha zonsezo. Saonongeka ngakhale atakhala chaka m'botolo, amalowa m'thumba la jekete, amabisika m'nkhokwe, ndipo amagulitsidwa pang'onopang'ono ndi muyezo. Mowa udachoka pabwalo n'kusanduka malonda.

Luso lotcheza lidakwera ndi mtsinje wa Zambezi. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo patsogolo pake adatenga malo akuluakulu otchedwa prazo, olonderedwa ndi asilikali awo, Achikunda, amene ankayenda mitunda italiitali kusaka minyanga ndi akapolo mpaka ku Luangwa ndi kuchigwa cha Shire. Ku Brazil, dziko linanso limene Apwitikiziwo ankalamulira, anthu ankatcheza mowa wa nzimbe wotchedwa cachaça, ndipo dzina lakuti kachasu lidachokera pamenepo. Mpaka lero dzinali limamveka ku Tete, ku Chipata, ku Lusaka ndi kumpoto kwa Zimbabwe. Kuchigwa, kumene masau amachita kuyoyoka okha, anthu amatcheza masau. Kuno kumtunda, kumene nkhokwe ndi ya chimanga, adatcheza gaga. Akuluakulu amasimba kuti kale paipi inkakhala mpope wa mfuti ya gogodela yotha ntchito, wopyoza m'chimtengo chogoba chodzaza madzi, ndipo mphika udali mbiya yadothi.

Atsamunda a ku Britain adafika ataweruza kale mlandu wa mowawu. Mu July 1890 maiko a ku Ulaya ndi ena adasainirana pangano ku Brussels lothetsa malonda a akapolo, ndipo m'panganomo adaikamo ndime zoletsa kulowetsa ndi kutcheza mowa waukali m'madera a Africa kumene udali usadafale. Chaka chotsatira, 1891, dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain, ndipo pangano lina la mu 1919 lidalimbitsa chiletsocho. Kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula whiskey kapena jini wa m'sitolo, komanso kutcheza wakewake udali mlandu. Koma boma lomwelo linkafuna msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Amuna adapita ku Halale, ku Joni kudzera ku Wenela, ena m'minda ya fodya, ndipo ambiri adatchona. Mayi wotsala ndi ana adayang'ana zimene adali nazo pakhomo, n'kupeza gaga, nkhuni ndi mbiya. Pa njala ya 1949 boma lidaletsa kufulula mowa pofuna kupulumutsa chimanga, ndipo Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lofotokoza njalayo m'boma la Blantyre, adaonetsa kuti chiletsocho chidapweteka kwambiri amayi amene ankadalira mowa kuti apeze ndalama yogulira chakudya.

Chinthu choletsedwa sichikhala ndi chizindikiro pa botolo. Palibe wa boma amene angabwere kudzayeza ukali wake, chifukwa akabwera ndiye kuti wabwera kudzaswa mbiya. Wogula adatsala yekha ndi mphuno ndi lilime lake, ndipo adaziphunzitsa ntchito.

Pa kalembera wa 1966, tawuni ya Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Boma la Dr Kamuzu Banda lidali litagamula kale zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1968 lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndalama zoyambira ntchito zidali ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu. Pofika 1977 anthu adali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza 989,318. Omanga nyumba, alonda, antchito a m'nyumba za mabwana ndi a m'makampani a fodya ku Kanengo, onsewa adafunika pogona. Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 munthu ankapatsidwa puloti n'kumanga yekha monga mwa thumba lake. Amene sadapeze puloti adagwada kwa mafumu, ndipo midzi ya kwa Tsabango idayamba kudzaza alendo mpaka minda idasanduka nyumba za lendi. Kwa Chinsapo ndi ku Mgona zidayendanso chimodzimodzi. Amuna ambiri adali a malipiro ochepa, osafikira botolo la m'bala tsiku ndi tsiku, ndipo amayi ambiri adalibe mwayi wolembedwa ntchito. Awiriwa adakumana pa velemoti.

M'zaka zomwezo shuga adasintha kachasu. Fakitale ya ku Nchalo idayamba kugaya nzimbe mu 1966, ya ku Dwangwa idatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shuga wa m'paketi atafika m'golosale iliyonse, wotcheza sadafunikirenso kudikira nyengo ya zipatso kapena kudalira chimera chokha. Kunena zoona, ukali wambiri wa kachasu wa m'tawuni umachokera ku shugayo. Gaga amapereka fungo ndi chakudya cha yisiti amene amawiritsa mgolo. N'chifukwa chake mtengo wa velemoti umatsata mtengo wa shuga. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, shuga n'kuyamba kusowa m'masitolo miyezi yotsatira, otcheza adali m'gulu la oyamba kumva kuwawa.

Wofuna kumvetsa kulawa ayambe waona kutcheza. Mayi amadzuka tambala woyamba. Mgolo wakhala masiku angapo, thovu lasiya kutumphuka, ndipo iye amaviika chala n'kulawa. Kutsekemera kukatha, n'kutsala kuwawasa ndi kafungo kolasa m'mphuno, ndiye kuti wapsa. Amatunga n'kuthira mumphika waukulu, osadzaza, amavindikira, ndipo m'mphepete monse amamata ndi gaga wonyowa kapena dothi kuti nthunzi isapeze potulukira pena koma mu paipi. Paipiyo imadutsa m'tayala lakale la galimoto lodzaza madzi ozizira, ndipo kunsonga kwake kumakhala kaudzu kapena kachingwe kotsogolera madontho m'botolo. Luso lonse lagona pa moto. Mowa umawira pa madigiri pafupifupi 78, madzi pa 100, ndiye moto uyenera kukhala woti ukankhe mowa n'kusiya madzi ambiri m'mbuyo. Ukakolezera kwambiri, phala limafufuma n'kulowa mu paipi, kachasu amatuluka wa mbuu. Likapserera pansi pa mphika, fungolo silichokanso ngakhale usefe kangati. Madzi a m'tayala akafunda amakapidwa n'kuthiramo ena. Mayi sachoka pamenepo mpaka ntchito itatha, maso ali psuu ndi utsi, khutu lili pa kudontha. Kukafulumira amasolola chikuni, kukazilala amasonkhezera.

Botolo loyamba kudzaza ndi mutu, ndipo ndilo laukali koposa. Otsatira amanka nachepa mphamvu, mpaka omaliza amangokhala madzi ofunda a fungo lolemera, amafutamafuta pa lilime. Wotcheza waluso amadziwa poimira. Omalizawo amawasunga kuti adzawabwezere mumphika ulendo wina, ndipo apakatiwo amawasakaniza kuti mowa wa lero ufanane ndi wa sabata yatha, pakuti makasitomala ake adazolowera dzanja lake. Wosaona mtima amathira madzi a pa mpopi, kapena amatsanulira omaliza aja m'botolo la mutu.

Ndiye wogula wodziwa sathamangira kutulutsa ndalama. Amapereka moni, amafunsa za ana, kenaka amati, "Mayi, za lero zili bwanji? Tilaweko." Mayiyo amathira pang'ono pansi pa tambula. "Lawani, bambo, ndatcheza m'mawa womwe uno, sindinathiremo dontho la madzi." Bamboyo amakweza tambula kuyang'anitsa kudzuwa, kuona ngati muli mbuu kapena tizitsotso. Amanunkhiza chapatali, kenaka pafupi. Ena amadonthetsera m'manja, kufikisa mpaka kuuma, n'kununkhiza zikhatho, chifukwa ukali ukauluka chotsala ndicho chimaulula ngati gaga adali wabwino kapena wa nkhungu, ngati mphika udapserera, ngati paipi ili ndi dzimbiri. Pakakhala kukayika amaitanitsa machesi. Amaviika chala kapena kathonje, kapena kuthira pang'ono pa benchi, n'kuyatsa. Moto ukagwira msanga, wobiriwira, n'kunyambita ponse osasiya chithaphwi, ameneyo ndi mutu. Ukangoti phethi n'kuzima, madzi achuluka. Akatero ndi pamene amamwa, pang'ono, n'kuusunga m'kamwa kaye. Kachasu wabwino amatenthetsa pachifuwa osakanda pakhosi, ndipo akatsika amasiya kafungo ka chimanga. Woipa amaluma m'mphuno, amawawa chakumapeto kwa lilime, amakubwerera ukageya.

Chigamulo chomaliza chimabwera m'mawa. Mowa umene wasiya munthu ndi matsire oti mutu ukuchita kung'ambika, mbiri yake imafika pa siteji ya minibasi dzuwa lisanakwere, ndipo madzulo mabenchi a pakhomopo amakhala opanda anthu. Ndikaganizira bwino, ili ndilo lidali lamulo lenileni la kachasu. Wotcheza ndi womwa ankakhala m'dera limodzi, kutunga pa kiyosiki imodzi, kukumana pa maliro amodzi. Mayi ankadziwa amene amalipira pakutha pa mwezi ndi amene ayenera kumanidwa velemoti yachitatu. Munthu akadwala ndi mowa wake, nkhani inkafika kwa amfumu, ndipo iye adalibe kothawira.

Tsidya la nyanja, mowa wina wa chimanga udayamba mofanana kwambiri. Alimi a ku Kentucky ndi madera oyandikana nawo ankatcheza chimanga chawo chifukwa mgolo wa whiskey unkanyamulika mosavuta kuposa matumba, komanso sunkafumbwa. Boma la America litaika msonkho pa mowawu mu 1791, alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania adaukira, mpaka mu 1794 George Washington adasonkhanitsa asilikali kukathetsa mpungwepungwewo. Otcheza mobisa a m'mapiri a kumeneko nawonso adali ndi mayeso awo: ankakhutchumula botolo n'kuwerenga ukali pa kukula kwa thovu ndi kutha kwake. Nawonso adavutika ndi amalonda achinyengo othira utoto, madzi a fodya ndi zina mu mowa. Kusiyana kudayamba mu 1897, pamene lamulo la Bottled-in-Bond lidati botolo lokhala ndi chidindo cha boma likhale la fakitale imodzi, la nyengo imodzi, logona zaka zinayi m'nkhokwe yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo ukali wake ukhale 50 peresenti. Chiletso cha mowa cha 1920 mpaka 1933 chidabweza anthu ku mowa wobisa, ambiri n'kufa ndi chiphe. Pa 4 May 1964, patatsala miyezi iwiri kuti Malawi alandire ufulu, nyumba ya malamulo ya America idalengeza kuti bourbon, whiskey wa chimanga uja, ndi mowa wa dziko lawo.

Lero lamulo la bourbon limanena chilichonse. Chimanga chisachepere 51 peresenti ya mbewu zonse. Potcheza ukali usapitirire 80 peresenti, polowa mumgolo usapitirire 62.5, ndipo m'botolo usachepere 40. Mgolowo ukhale watsopano, wa mtengo wa oak, wowauliridwa mkati mpaka kuchita makala. Osathiramo utoto kapena zokometsera. Kuti atchedwe straight agone zaka zosachepera ziwiri, ndipo ngati sadakwane zinayi zaka zake zilembedwe pa botolo. Madzi amene amatuluka mu paipi asadalowe mumgolo, eni ake amawatcha white dog, ndipo ndi oyera, olusa, onunkhira chimanga chophika. Bambo wa ku Area 23 atawalawa angagwedeze mutu n'kunena kuti awa ndi abale.

Mtundu wofiirira wonse wa bourbon umachokera ku mgolo. Kukatentha mowa umalowa m'thabwa, kukazizira umatuluka utatenga kutsekemera kwa mtengo wowaukawo, ndipo makala ndi mpweya zimafewetsa ukali woluma uja chaka ndi chaka. M'zaka makumi awiri zapitazi ku America kwatseguka timafakitale tambirimbiri ta anthu wamba. Ambiri sangadikire zaka zinayi asadagulitse kanthu, ndiye amagwiritsa ntchito timigolo ting'onoting'ono kuti mowa ufiire msanga. Akatswiri olawa akapatsidwa bourbon wamng'ono wotere amafunafuna zomwezo zimene wogula wa kwa Tsabango amafuna. Kodi fungo la mbewu ndi loyera? Kodi wotcheza adadula pabwino, kapena madontho oyamba ndi omaliza adalowerera? Kodi akutenthetsa kapena akukanda? Kawirikawiri amapeza kuti mtundu wafika koma kufatsa sikudafike: thabwa laiwisi likumveka pamwamba, chimanga chosapsa pansi. Nthawi sigulidwa ndi mgolo waung'ono. Ndipo ngati mwini fakitale wa ku America, wokhala ndi ngongole ya kubanki, amalephera kudikira, nanji mayi amene shuga wa mawa agula ndi ndalama ya velemoti ya lero? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kachasu amamwedwa akadali wofunda, osati chifukwa eni ake sadziwa kukoma, koma chifukwa lendi sidikira.

Ufulu utabwera, dziko lathu lidatsegula khomo la mowa wa m'fakitale. M'zaka za m'ma 1960 kudabwera Malawi Gin, Chibuku adatengera masese m'mapaketi, ndipo mu 1968 Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Masese adapeza ulemu wa paketi ndi tavani. Kachasu wa pakhomo adatsala kuseri kwa mpanda, ndipo mpaka pano otcheza ambiri a m'makwalalamu amagwira ntchito popanda chiphaso. Ku Uganda adayesa njira ina. Cha m'ma 1965 boma lidakonza zoti otcheza enguli, kachasu wa kumeneko, atenge ziphaso n'kumagulitsa mowa wawo ku fakitale, kumene unkatchezedwanso n'kutuluka ndi dzina la Uganda Waragi. Sikuti zidathetsa mowa wobisa, koma mowa wa kumudzi udalowa m'botolo lokhala ndi dzina la dziko.

Chimene chidagwedeza malonda a amayi athu si apolisi ayi, koma masacheti. Dziko lino lakhala likupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982 ku Dwangwa, ndipo mowa wa mtundu umenewu, wosungunula ndi madzi n'kuthira fungo, ndi wotsika mtengo kuposa wotcheza ndi nkhuni. Utalowa m'timapepala ta pulasitiki udafika pa okala iliyonse, m'matumba a makondakitala, mpaka m'zikwama za ana asukulu. Zambia idaletsa tujilijili mu 2012, Malawi adaletsa masacheti mu 2015, ndipo mowawo udasamukira m'timabotolo ndi m'zigubu za malita asanu zogulitsa motapa. Wotcheza weniweni adapezeka akupikisana ndi munthu wopanda mphika, wopanda paipi, amene ntchito yake ndi kusakaniza basi. Ena mwa otcheza, pofuna kufupikitsa masiku, akuti amathira feteleza mumgolo. Feteleza amadyetsadi yisiti, koma wa urea amasiya mu mowa mankhwala amene akatswiri amawaika m'gulu la zoyambitsa khansa.

Apa ndi pamene lilime lafika pothera nzeru. Gaga ndi shuga paokha satulutsa methanol wambiri. Imfa za anthu ambiri nthawi imodzi, zonga zimene zidachitika ku Blantyre ndi mowa umene anthu adautcha Ambuye Ntengeni, kawirikawiri zimabwera pamene mu mowa mwalowa mankhwala a m'mafakitale. Methanol ndi woyera, amanunkhira pafupifupi chimodzimodzi ndi mowa, ndipo pa machesi amayaka bwino lomwe. Masupuni awiri aang'ono akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa theka la tsiku kapena tsiku lathunthu. Pamene m'mawa ukupereka chigamulo chake, munthu amakhala ali kale pa bedi ku Kamuzu Central. Wogulitsayo mwina sadziwa n'komwe kumene chigubu chidachokera, ndipo mu mzinda wa anthu oposa miliyoni akhoza kusamuka usiku womwewo osapezekanso.

Sindikunena kuti kachasu wotchezedwa bwino ndi mankhwala. Aliyense wokulira kumakwalala kuno adaonapo bambo wa masaya otupa ndi mapazi osalowa nsapato, amene malipiro ake amathera m'buku la ngongole ana akugona ndi njala. Ngakhale mowa woyera chotani umadya chiwindi. Koma ndimaonanso ana amene adafika ku sekondale ndi ku koleji ndi fizi yochokera mu paipi ija, ndipo zimandipweteka kuti amayi amene adawaphunzitsa amangotchulidwa pa nkhani za kupolisi.

Kenya idavomereza kachasu wake, chang'aa, mu 2010, pa mfundo yakuti azipangidwa ndi chiphaso, kuikidwa m'botolo ndi kuyezedwa. Kuno ndondomeko ya dziko yokhudza mowa idatuluka mu 2017, koma wotcheza wa kwa Tsabango akadali ndi machesi monga chida chake chachikulu choyezera. Zimene zingamuthandize si zodula kwenikweni: kachipangizo kagalasi koyandama koyezera ukali, paipi ya mkuwa m'malo mwa yachitsulo chadzimbiri, pakuti mkuwa umagwira fungo loipa la sulfure, ndi malo amene angapititseko botolo kukayezetsa popanda kuopa kumangidwa. Chovuta chili pa mutu. Otcheza whiskey amapatula madontho oyambirira osawagulitsa, chifukwa m'menemo ndi mmene mumachuluka zoluma m'mphuno ndi zopweteketsa mutu. Kuno madontho omwewo ndi amene amalowa m'botolo lokwera mtengo koposa, limene makasitomala amachita kusungitsa dzulo lake. Woyendera wa khonsolo kapena wa Malawi Bureau of Standards amene angadzauze mayi kuti ataye kapu yoyamba ayenera kudzafika ndi yankho la ndalama imene kapuyo ikadabweretsa.